Soya ndi nandolo wa nkhumba: kuyambira pamzere mpaka m'chodyera

Chaka chimene ndinasiya kugula chakudya cha nkhumba cha m'matumba, ndinatsala pang'ono kupha ana a nkhumba 9 ndi manja anga omwe. Ndinali nditakolola matumba 6 a soya pa kamunda kanga cha ku Lusangazi, kuno ku Mzuzu, mtima uli m'malo. Ndinangotenga soyayo, kukagayitsa ali wamuwisi, n'kumathira m'madeya. Patatha masabata atatu tiana tija tinali titanyankhalala ubweya, timimba tili tototo, m'khola monse muli ndowe zamadzi. Kudya tinkadya, koma msinkhu uli pomwepo. Mayi wina wachikulire amene tinayandikana minda anasuzumira m'kholamo n'kufunsa kuti, "Adada, soya ameneyu mwakazinga?" Ndinati ayi. "Nanga inuyo mungadye wosakazinga?" Anangotero, n'kusenza mtolo wawo wa nkhuni, ulendo.

Ndikulembera anzanga oweta nkhumba mwachilengedwe, ulimi umene ena amati oganiki. Pa ulimi umenewu m'munda simulowa feteleza wa m'sitolo kapena mankhwala opopera. M'chodyera namonso simulowa zomanga thupi zopangidwa kufakitale, ngakhale keke ya soya imene anaichotsa mafuta ndi mankhwala. Madeya okha ali ndi mapuloteni apakati pa 9 ndi 11 pa 100, pamene nkhumba yomakula imafuna pafupifupi 16. Mpata umenewu ndi umene tikufuna kutseka ndi mbewu za mtundu wa nyemba zolima tokha. Ngakhale amene alibe nazo ntchito za satifiketi yotsimikiza kuti ulimi wawo ndi wa oganiki, koma angotopa ndi mitengo ya m'sitolo, njira yake ndi yomweyi.

Choyamba: yambirani kukhola

Musanagwire khasu, khalani pansi ndi pensulo. Nkhumba yachizungu, monga Large White kapena Landrace, imadya makilogalamu apakati pa 250 ndi 300 kuchokera pamene yaletsedwa kuyamwa kufikira itakwana makilogalamu 80 kapena 90. Mwa chakudya chimenechi, soya amakhala pafupifupi makilogalamu 50. Ndiye kumbukirani chonchi: nkhumba imodzi yogulitsa, thumba limodzi la soya. Mkota woswa umamaliza chakudya chokwana pafupifupi tani imodzi pachaka, ndipo soya wake ndi matumba 3 kapena 4.

Bere la nkhumba ndi masiku 114, choncho mkota wosamalidwa bwino umaswa kawiri pachaka. Ukamalera ana 8 ulendo uliwonse, ndiye kuti ana 16, matumba 16, kuphatikiza a make aja, 20. Ekala imodzi ya soya wolimidwa mwachizolowezi imatulutsa matumba ngati 8, ndipo wosamalidwa bwino amafika 12 mpaka 16. Mwaona tsono kuti mkota umodzi ndi ana ake ukufuna ekala ndi theka kapena maekala awiri ndi theka. Ambiri akamva apa nkhope imagwa. Ngati malo anu ndi theka la ekala, palibe cholakwika, koma dziwiranitu kuti ana ambiri muziwagulitsa akangoleka kuyamwa, n'kusunga ochepa okha oti munenepetse.

Chachiwiri: mbewu yanji

Mzati ndi soya, ndipo pamenepa sindikambirana ndi munthu. Ali ndi mapuloteni apakati pa 36 ndi 40 pa 100, mafuta pafupifupi 20 pa 100, komanso ndi wolemera ndi lysine, kachidutswa ka puloteni kamene chimanga chimasowa kwambiri pomwe nkhumba singamange mnofu popanda iko. Mitundu yodziwika ndi Tikolore, Makwacha ndi Nasoko. Tikolore, amene anatulutsidwa mu 2011, amacha msanga ndipo amatha kugwirizana ndi tizilombo tothandiza topezeka kale m'nthaka. Ine ndimadzala Tikolore gawo lalikulu, Makwacha pang'ono, kuti zisachere tsiku limodzi.

Nandolo ndi wachiwiri wake. Mapuloteni ake ndi ochepa, 20 mpaka 22 pa 100, koma mizu yake imapita pansi kukaswa dothi lolimba la pansi pomwe khasu limalekezera, masamba ake akayoyoka amabwezeretsa chonde, ndipo mitengo yake ndi nkhuni zokazingira soya yemweyo. Mwaiwathu Alimi ndiye mtundu umene sumachedwa kwambiri. Kuzizira kwa kuno kumauchedwetsabe kusiyana ndi kumunsi kotentha, choncho amene minda yawo ili chakumtunda kwa chifunga ayambe ayesa mizere yochepa. Cha ku Ekwendeni, komwe kumawala dzuwa kuposa m'tauni muno, alimi akhala akusakaniza nandolo ndi mtedza kapena soya kuyambira cha m'ma 2000, pansi pa ntchito ya Soils, Food and Healthy Communities. Ndi ulendo wa minibasi wosakwana ola. Kukaona ndi maso kumaposa kuwerenga zanga zino.

Zinazi ndingodutsamo. Khobwe amakonda kotentha, ndipo mvula ya Mzuzu imamuvunditsa makoko. Nyemba n'zodula, gulitsani zabwinozo, nkhumba muzipatse zotsalira posankha, koma zophika mpaka kupsa, chifukwa nyemba zaziwisi zimaononga matumbo. Mtedza ndimauopa chifukwa cha chuku. Kalongonda ndi wabwino kunthaka, koma njere zake zili ndi chiphe chimene nkhumba sizipirira, asayandikire chodyera.

Chachitatu: nthaka

Dothi lofiira la kuno nthawi zambiri ndi la asidi, ndipo likatsika pansi pa 5.5 pa muyeso wa pH soya amangokhala wachikasu ngati wodwala. Tengani dothi m'malo angapo a munda, musakanize, mupite nalo kwa alangizi kapena ku siteshoni ya kafukufuku ya Lunyangwa kuti akuuzeni mlingo wa laimu. Laimu ndi wololedwa pa ulimi wachilengedwe, koma amagwira pang'onopang'ono, choncho athiridwe mwezi umodzi kapena iwiri musanadzale. Phulusa la kukhitchini limathandizanso, musamalitaye kudzala.

Soya amadzipangira yekha nayitrojeni, koma fosifolasi, chakudya china chofunika kwa mbewu, sangadzipangire. Apa ndi pamene khola limabweza ngongole. Ndowe za nkhumba zisapite kumunda zili zaziwisi. Ziunjikeni ndi udzu wogonera, mapesi ndi phulusa, muzitembenuza mpaka zitazizira n'kuda ngati dothi la kudimba, kenako muzikwirire m'mizere polima. Chenjezo limodzi: manyowa a Mbeya, amene atchuka kwambiri masiku ano, amasakanizidwa ndi feteleza wa m'sitolo. Ndi othandiza kwa ena, koma si a ulimi wathuwu, komanso amadya madeya omwe nkhumba zikulira.

Mizere italikirane masentimita 75, ndipo pamwamba pake mupasalaze kuti pakwane tingalande tiwiri. Pamalo otsetsereka, omwe ndi ochuluka kuno, mizere itsate akalozera. Pomwe panali soya chaka chatha dzalanipo chimanga, soya apite pomwe panali chimanga.

Chachinayi: mbewu ndi tsiku lodzala

Mbewu ya soya sichedwa kufa. Thumba logonera chaka, kapena loponyedwa kuchokera pamwamba pa lole, limatha kuoneka bwinobwino koma theka osamera. Kutatsala masabata awiri, werengani njere 100, muzifese pa kamalo konyowa kuseri kwa nyumba. Zikamera zosakwana 80, onjezerani mbewu podzala kapena funani ina. Ekala imodzi imafuna makilogalamu 30 mpaka 32. Mbewu yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira ili ndi mankhwala. Funsani yosapaka, ndipo yopakidwayo ikatsala isadzalowe m'chigayo zivute zitani.

Inokulanti ndi ufa wakuda wokhala ndi tizilombo tamoyo tothandiza mizu kukoka nayitrojeni mumpweya. Si feteleza, si mankhwala, ndipo ndi wololedwa. Wodziwika m'masitolo a zaulimi ndi Nitrofix. Onani tsiku lothera mphamvu, tsatirani mlingo wolembedwa papaketi, ndipo musagule paketi yomwe yakhala padzuwa pa benchi. Ngakhale Tikolore amene amati safuna zambiri, ine ndimamupakabe, makamaka pamunda pomwe sipanalimidwepo soya. Kapakidwe kake: khalani pamthunzi, wazani mbewu ndi madzi a shuga pang'ono kuti ingonyowa, thirani ufawo, sakanizani ndi manja mpaka njere iliyonse itada, yanikani pa thumba pamthunzi pomwepo kwa mphindi zochepa, dzalani tsiku lomwelo m'dothi lonyowa. Pakani yokhayo imene mumalize kudzala.

Pamzere uliwonse lembani tingalande tiwiri totalikirana masentimita 30, takuya masentimita awiri ndi theka kapena atatu, njere imodzi imodzi pa masentimita 5 aliwonse. Aganyu amadana nayo ntchito imeneyi, ndipo mukatembenuka amayamba kumwaza. Khalani nawo pomwepo. Nandolo alowe pakati pa tingalande tiwirito, njere 3 paphando, mapando otalikirana masentimita 90, tsiku lomwelo. Amakula mwaulesi miyezi yoyamba, kotero salimbana ndi soya. Amadzatambasuka mnzakeyo atachoka.

Tsiku lodzala ndi pomwe ife a ku Mzuzu timasiyana ndi abale athu a ku Mchinji kapena Kasungu. Kwawoko mvula imadukiza kumapeto kwa Malichi. Kuno Malichi ndi Epulo ndiye pachimake, ndipo mawawa amatha kutifikitsa mu Meyi. Tikolore wodzala kumayambiriro kwa Disembala amacha mvula ili mkati, makoko n'kuda, njere zina kumerera mumtengo momwemo. Walira mvula walira matope. Ine ndimadzala kuyambira sabata yomaliza ya Disembala mpaka chapakati pa Januwale kuti adzache dzuwa litayamba kuoneka. Kupyola apo mukuitananso vuto lina, matenda a masamba otchedwa chiwawu, amene amagwira kwambiri soya wochedwa.

Chachisanu: m'munda

Palirani kawiri, pakatha masabata awiri kapena atatu, kenako pa sabata yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi. Soya akatseka mizere udzu umagonja wokha. Akayamba maluwa musalowemonso ndi khasu.

Pa nthawi ya kupalira kwachiwiriko, fukulani mitengo itatu kapena inayi ndi dothi lake, mutsuke mizu. Muyenera kuona timibulu tomamatira kumizu. Tswanyani kamodzi ndi chikhadabo. Mkati mukakhala mofiirira ngati nyama, tizilombo tija tili pantchito. Mukakhala moyera kapena mobiriwira, kapena timibulu tikasoweratu, ndiye kuti inokulanti anali wakufa kapena dothi lachuluka asidi, ndipo mwadziwa chokonza chaka chamawa.

Chiwawu chimayambira masamba apansi: timadontho tofiirira kunsi kwa tsamba, kenako chikasu, kenako kuyoyoka makoko asanakhwime. Popeza sitipopera, chitetezo chathu ndi kudzala panthawi yake, kusintha minda, ndi kuzula soya womera yekha m'chilimwe. Mdani wa nandolo ndi mphutsi zoboola makoko, komanso mbuzi za eni ake zimene zimamasulidwa anthu akangokolola chimanga, nandolo wanu akadali wauwisi. Kambiranani ndi anansi nthawi ikadalipo, kapena mangani mpanda.

Chachisanu ndi chimodzi: kukolola

Masamba akayoyoka, makoko n'kusanduka akhaki, ndipo mukagwedeza mtengo njere zikulira, musadikirenso. Soya akapsa ndi dzuwa amathetheka n'kumwazika pansi. Dulani m'mawa mame asanaume, ndi chikwakwa, osazula, kuti mizu ndi timibulu tija zitsale m'nthaka. Yanikani pa lona kapena pathandala, osati padothi, ndipo lona wina akhale pafupi wofunditsira, poti thambo la Mzuzu silipangana ndi munthu. Punthani ndi ndodo mopepuka, petani, yanikaninso.

Kuti mudziwe kuti wauma, lumani njere: iyenera kuthyoka kuti thwa, osati kuphwatalala. Njira ina ndi kuika njere zodzaza dzanja m'botolo louma lagalasi pamodzi ndi mchere wouma, kutseka, kukhutchumula, n'kusiya kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, bwererani padzuwa. Patulani mbewu ya chaka chamawa musanayambe china chilichonse. Soya savutika kwenikweni ndi anankafumbwe, koma nandolo amafumbwa msanga; muikeni m'matumba a PICS, omwe amapha tizilombo pongotitsekera mpweya. Matumba onse akhale pa mitengo, osagunda khoma. Njere zachuku tayani. Zimachotsa bere la mkota, ndipo moto suchotsa chiphe chake.

Chachisanu ndi chiwiri: moto

Apa ndi pamene ndinagwera ine, ndiye mundilole ndikhalitsepo. Soya wamuwisi ali ndi chinthu chimene akatswiri amachitcha trypsin inhibitor. Chimatsekereza madzi a m'mimba amene amagaya mapuloteni, kotero nkhumba imadya koma chakudyacho chimangodutsa. Ana ndi amene amavutika kwambiri. Nandolo, khobwe ndi nyemba nazo zili nacho pamilingo yosiyana. Kugaya sikuchichotsa, kuyanika padzuwa sikuchichotsa, kuviika kokha sikukwanira. Chimafa ndi moto basi.

Njira zilipo ziwiri. Yowiritsa ndi yabwino kwa amene ali ndi nkhumba zochepa: viikani usiku wonse, tayani madziwo, thirani ena, ndipo akayamba kubwata werengani mphindi 30 zathunthu. Tsanulani, dikirani azizire, phwanyani mumtondo, sakanizani ndi madeya, zidye tsiku lomwelo. Wophika sagona, pofika mawa amakhala atasasa. Nyemba zotsalira posankha zija njira yake ndi yomweyi, koma zipse mpaka kufewa ngati za ndiwo.

Yokazinga ndiye yanga, chifukwa ndimagwira ntchito Loweruka limodzi n'kupuma masabata awiri. Ndinadulitsa mgolo pakati mlitali, ndinautentha kaye kuti zonse zomwe zinalimo zipse, n'kuukhazika pa mafuwa a njerwa. Ndimathiramo makilogalamu 10 kapena 12 ulendo umodzi, osapitirira. Ndisanathire ndimawaza soyayo madzi pang'ono n'kumusiya mphindi zingapo, chifukwa nthunzi imathandiza kutentha kulowa mpaka pakati pa njere. Moto ukhale wapakatikati, wa zitsononkho kapena mitengo ya nandolo, ndipo dzanja lisaime: kutakasa ndi thabwa kuchokera pansi, uku ndi uku, kwa mphindi 20 mpaka 30. Poyamba pamatuluka fungo lauwisi lonyansa lija. Kenako makungu amayamba kung'aluka ndi kulira kuti the the, ndipo fungo limasintha kukhala ngati la mtedza wokazinga. Pamenepo tapani njere zingapo, muziswe. Mkati muyenera kukhala mwa mtundu wa uchi wopepuka kuyambira kunja mpaka pakati. Tafunani. Mukamva kakomedwe kauwisi kokakamira kukhosi, pitirizani. Ngati ana a pakhomo ayamba kuzungulira mgolo n'kumatapa, ndiye kuti wapsa.

Kupsereza nakonso n'kutaya. Soya akada ngati khofi, lysine uja amene tamuvutikira miyezi inayi waonongeka. Mukaphula, yalani msanga pa lona kuti asapitirize kupsa ndi kutentha kwake komwe. Nandolo amakazingidwa chimodzimodzi koma payekha, popeza njere zake sizipsa nthawi yofanana.

Kuchigayo musapite ndi soya yekha. Mafuta ake amamata sefa, ndipo wachigayo adzakuyang'anani ndi diso lofiira. Sakanizanitu ndi chimanga kapena madeya. Gayitsani wokwanira masabata awiri, chifukwa ufa wamafuta suchedwa kununkha, pamene njere zokazinga zosagaya zimakhala miyezi.

Chomaliza: kusakaniza ndi kudyetsa

Yezani pa sikelo, osati ndi ndowa. Ndowa ya madeya ndi ndowa ya soya sizilemera mofanana. Pa makilogalamu 100 aliwonse, nkhumba zomakula ndimazipatsa 65 a madeya osakaniza ndi mgaiwa, 18 a soya, 15 a nandolo, ndi 2 a mchere ndi laimu wa ziweto, mcherewo theka la kilogalamu, laimu kilogalamu ndi theka. Izi zimafika pa mapuloteni 16 pa 100. Ngati nandolo mulibe, ikani 76 a madeya ndi 22 a soya. Nkhumbazo zikadutsa makilogalamu 60, tsitsani soya afike 10, nandolo 16, madeya 72. Kutsitsaku sikungopulumutsa thumba: soya wambiri kumapeto amafewetsa mafuta a nyama, ndipo ootcha kapado sakonda nyama yolobodoka pachiwaya. Mkota wa bere ungadye chofanana ndi chimenechi, makilogalamu awiri kapena awiri ndi theka patsiku. Woyamwitsa ndiye mfumu ya khola: 62 a madeya, 24 a soya, 12 a nandolo, ndipo adye makilogalamu 5 kapena 6 patsiku ngati ana ndi ambiri, madzi osaduka.

Sindikunamizani kuti mbewu zimenezi zimakwaniritsa zonse. Zonse za mtundu wa nyemba zimaperewera methionine, kachidutswa kena ka puloteni, ndipo kuperewerako kumaonekera pa ana ongoletsedwa kuyamwa. Keke ya mpendadzuwa yofinya ndi makina wamba imathandiza, makilogalamu 5 pa 100. Fumbi la usipa lotsalira kwa ogulitsa ochokera ku Nkhata Bay limathandiza koposa, makilogalamu 3 mpaka 5, koma likhale louma, losachita chuku, ndipo lichotsedwe miyezi yomaliza kuti nyama isamveke nsomba. Tiana timeneti tisayambe kudya nandolo mpaka titakwana makilogalamu 20. Kholowa, chitambe ndi bonongwe ponyanimo tsiku lililonse.

Amene mukufuna satifiketi, dziwani kuti madeya ogula kuchigayo ndi a chimanga cha aliyense, chothira feteleza ndi mankhwala a anankafumbwe. Oyendera sadzawavomera, choncho chimanga nachonso chiyenera kukhala chanu kapena cha mlimi mnzanu wovomerezeka, ndipo munda umadikira zaka ziwiri chisiyireni feteleza usanawerengedwe. Za usipa funsanitu amene adzakuyendereniwo. Makombo a m'malesitilanti, ngakhale akhale aulere, asalowe pakhomo; ndi njira imodzi imene chigodola chimafikira m'makola, ndipo chilibe mankhwala.

Chakudya chatsopano chilowe pang'onopang'ono. Masiku awiri oyamba gawo limodzi mwa magawo anayi, masiku awiri otsatira theka, mpaka sabata itatha. M'mawa uliwonse musanathire chakudya yang'anani pansi. Ndowe zoumbika, ubweya wogona wonyezimira, ndiye kuti mgolo unagwira ntchito. Zikayamba kupanga madzi, musathamangire mankhwala. Pitani kaye ku thumba la soya wokazinga, mutape njere zisanu, muziswe, muone pakati.